Nkhope za m'Tabuleti ya Sigele

1.

Bukulo linachoka popanda phokoso. Panalibe galimoto ya apolisi, panalibe wogogoda pachitseko. Atsikana a Fomu 4 anatsegula matabuleti awo m'mawa wina n'kupeza mpata pamene panali bukulo, ngati m'kamwa moguluka dzino. Linachoka m'matabuleti onse a pasukulupo, kupatula imodzi.

Imodziyo inali ya Sigele, mwana wa mlongo wanga.

2.

Achimwene, akukufunani kusukulu.

Anali Felesiya, mlongo wangayo, ataima pakhomo la chipinda chimene anandipatsa nditabwerako kunja. Foni anaigwira ngati mbale yotentha.

Akufuna ine? Mayi wa mwanayo si ndiwe?

Akuti abwere mwini mbumba. Kapena ku Kanadako munaiwala kuti mwana akalakwa amayankha ndi malume ake?

Sindinaiwale. Ndinangosiya kuganiza kuti mawu amenewo angadzandipeze. Ndinathawa m'dziko muno Felesiya akuyamba kumene sukulu, ndabwerera ali ndi imvi zake. Pakati pamenepo pali zaka zoposa makumi atatu zimene ndinatha ndikukonza zolakwika m'mabuku a anthu ena, m'mizinda imene dzuwa limatuluka ngati likuchita manyazi. Sigele ndinamudziwira pafoni: kankhope konena kuti moni malume, kenaka n'kuuma netiweki ikathawa.

Walakwa chiyani?

Wawerenga buku.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Felesiya sanaseke.

Akuti amuchotsa sukulu, achimwene. Mayeso ndi mwezi wamawa.

3.

Pa nthawi yathu sukulu yomweyo inali ya anyamata, ndipo ine ndinaphunzira pomwepo. Pa nthawi yathu ankaletsa:

mabuku onena za njala
mabuku onena za kukhuta kwa ena
buku lina la kaweteredwe ka nkhuku, chifukwa cha dzina la wolemba
tsitsi lofika pakolala
nyimbo zimene sitinkazimva n'komwe
kuseka pa nthawi yolakwika

Buku loletsedwa tinkalikuta ndi pepala la thumba la simenti, pamwamba n'kulembapo kuti Masamu. Linkayenda dzanja ndi dzanja mpaka kufewa ngati nsanza. Likakufika linkanunkha aliyense amene walidutsa: usipa, palafini, sopo wochapira. Koma silinkanena kuti ndachokera kwa uje. Pepala ndi losunga pakamwa.

4.

Felesiya anandifotokozera tili m'minibasi. Matabuleti anabwera ndi bungwe lina lothandiza, mwana aliyense yake, yolembedwa dzina lake m'kati. Mabuku onse ali momwemo. Sukulu ikafuna kuchotsa buku imangotumiza lamulo pa netiweki, bukulo n'kuzimirira.

Tsono ya Sigele inagwera m'ndowa akuchapa. Anaikwirira mumpunga wa kukhitchini, inatsitsimuka, koma inatsitsimuka yogontha. Netiweki sinkaimvanso. Lamulo linadutsa, iyo osamva. Bukulo linakhalamo temu yonse.

Ndiye anadziwa bwanji?

Aphunzitsi a makompyuta anatolera matabuleti onse kuti awakonze mayeso asanafike. Ya Sigele ataitsegula makutu, akuti inasanza zonse.

Zonse ziti?

Zonse, achimwene. Zinthu zimenezi sizimeza kanthu.

5.

Ine ndine tabuleti. Ndimadziwa dzina limodzi.

Sigele watsegula buku. Sigele watembenuza tsamba. Sigele waima. Sigele wabwerera m'mbuyo. Sigele waimanso pomwe paja. Sigele nthawi ya chakudya. Sigele Loweruka pochapa. Sigele Lamlungu m'mawa. Sigele watseka msanga. Sigele watsegulanso.

Sigele.

Sigele.

Sinditopa. Sindiiwala. Sindikwiyira munthu.

6.

Laibulale ndinaipeza pomwe ndinaisiya, kuseri kwa tchalitchi. Mashelefu ndi omwe aja, a mlombwa, amene tinkawapukuta tikapatsidwa chibalo. Mabuku mulibe. M'malo mwake mwalendewera zingwe zotchajira, zakuda, zochuluka, ngati michira ya makoswe amene alowetsa mitu m'khoma.

Ndinaima pakati pa chipindacho kufuna fungo lakale. Munkanunkha penti.

Takulandirani, bambo Gwedeza.

Anali mwamuna wa zaka zapakati, malaya osita bwino, mawu ofewa ngati a m'busa wa pamaliro. Anandipatsa moni wa manja awiri. Ndine Kamphinda, woyang'anira makompyuta. Tamva mbiri yanu. Akuti munawerenga mabuku onse a m'chipinda chino.

Ena kawiri, ndinatero.

Ndinamukonda. Ndiyenera kulemba zimenezo pano. M'miyezi yonse chibwerereni, iye anali woyamba kundifunsa za mabuku osati za mphatso.

7.

Sigele anandidikira pafupi ndi thanki ya madzi. Wamtali kuposa mayi ake, maso osathawa.

Malume, mukalowa musanene zambiri.

Ndakwera minibasi yonunkha nsomba kudzakhala chete?

Mungopepesa. Munene kuti ndine wamwano, mukandilanga kunyumba. Amakonda zimenezo.

Akuchotsa sukulu, iwe. Ukumva?

Ndidzalembera kwina chaka chamawa. Chaka sichiluma.

Ndani wakuphunzitsa kugonja chonchi? Pa nthawi yathu

Ndikudziwa, malume. Simenti. Amayi anandiuza kuti mumainena tsiku lililonse, ngakhale kwa wogulitsa makala.

Ndinaseka. Mwana wa lilime lakuthwa, magazi anga enieni. Ndinamuuza kuti buku limene laletsedwa ndi buku limene lili ndi mano, kuti wowerenga sapepesa, kuti ine ndinaimapo pamaso pa anthu oopsa kuposa ahedi a sukulu ya mishoni. Ndinatchula olemba a ku mayiko anayi. Iye ankayang'ana madzi akudontha pampopi.

Chonde, malume. Kupepesa kokha.

8.

Pa nthawi yathu kazitape anali munthu, ankatsokomola, ankanunkha thukuta ndi fodya wopichira, ankakhala pabenchi ya kumbuyo kapena pakona pa bala atagwira botolo limodzi mpaka kufunda, unkamudziwira nsapato zatsopano ndi mafunso opusa, ankaiwala, ankaledzera, ankasokoneza mayina moti tsiku lina anakaneneza wosoka nsapato m'malo mwa mphunzitsi, ankadwala malungo ngati tonsefe, amayi ake ankaimba kwaya imodzi ndi amayi ako ndiye nthawi zina manyazi ankamugwira n'kuyang'ana kumbali, ndipo ine ndinkamuda, ndinasiya dziko chifukwa cha iye, ndinamutukwana m'zilankhulo zitatu ndili m'chipale chofika m'mawondo, koma lero ndikamukumbuka ndimamusowa, inde ndimamusowa, ngati mmene umasowera galu wa aneba amene ankakuuwa koma ankakudziwa

9.

Mlandu unachitikira mu ofesi ya ahedi, Mayi Chimphonda. Iwo, a Kamphinda, ine, ndi Sigele ataima pafupi ndi chitseko manja kumbuyo. Felesiya anatsala panja.

Bambo, bukuli tinalichotsa chifukwa likuwononga maganizo a ana, anatero ahedi. Mwana wanu analisunga mobisa. Lamulo lathu ndi lodziwika.

A Kamphinda anazimitsa getsi n'kuwalitsa pakhoma zimene tabuleti inasanza. Mizere. Masiku, nthawi, masamba. Dzina lomwe lija kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikudya chifukwa choona cholakwika pa tsamba limene ena aliona kuti ndi loyera. Diso linapita lokha. Sabata ina pakhomapo ndinkaidziwa: sabata imene ndinafika m'dziko muno, Felesiya osabwera kudzandichingamira chifukwa anali kuchipatala, akudikirira Sigele malungo atamugwetsa.

Ndinaimirira. Ndinakonza tayi.

Madamu, makina anuwa akuti mwanayu ankawerenga ali chikomokere ndi diripi pamkono. Akutinso ankawerenga Lamlungu m'mawa, pamene tchalitchi chonse chimamuona akuimba kutsogolo. Kapena muli ndi mwana wa matupi atatu, kapena muli ndi mboni yabodza.

Malume.

Mawu amodzi, otsika, kuchokera kuchitseko.

Sindinatembenuke. Ndinkamva kukoma. Zaka zonsezo ndinali ndisanapambanepo mlandu m'dziko langa.

10.

A Kamphinda anawomba m'manja pang'onopang'ono.

Madamu, bambowa ndi ophunzira. Ine ndinaziona, koma ndinalibe ponenera. Zoona, mwana mmodzi sangawerenge chonchi. Inkayenda m'manja ambiri.

Ananyamula tabuleti n'kuloza kadontho kakuda pamwamba pa galasi, kochepa ngati njere ya mpiru.

Aka kamajambula nkhope nthawi iliyonse tsamba likatembenuzidwa. Ndi zoteteza ana, kuti ikabedwa tidziwe wakuba. Koma amene anatipatsa anaika lamulo lovuta. Zithunzi sizitseguka popanda chala cha kholo kapena womuyang'anira mwana. Amayi ake tinawapempha, anati iwo sadziwa zinthu zimenezi, adikire achimwene awo.

Ahedi anavula magalasi n'kupukuta maso. Ankaoneka otopa, osati oipa.

Bambo Gwedeza, ine sindifuna kutaya mwana wanzeru mayeso ali pafupi. Mutithandize tione choonadi. Zikaoneka kuti sanali yekha, Sigele alandira chenjezo basi. Alemba mayeso.

Malume, ayi.

Iwe khala chete, akulu akulankhula, anatero ahedi.

11.

Iwe Rabson Gwedeza.

Amayi ako anaikidwa m'manda iwe ukumvetsera pafoni, nyimbo zikudukaduka. Mwanayu anabadwa, anamera mano, anatha msinkhu, iwe ukutumiza mapositikhadi a nyanja zouma ndi chisanu. Mbumba inakula yopanda mwini. Lero kwa nthawi yoyamba akuti malume alipo, ndipo chimene akufuna kwa iwe si ng'ombe, si munda, si magazi. Chala.

Sakukufunsa dzina la munthu. Sukudziwa ngakhale mmodzi. Ungapereke bwanji anthu amene suwadziwa? Kazitape amalankhula. Iwe sulankhula.

Ndipo ana enawo ali nawo amalume awo.

12.

Galasi linali lofunda.

Panatuluka kachizindikiro kobiriwira, ndi kaphokoso kosangalala, ngati ka mwana amene wapatsidwa switi.

Pakhoma panabwera:

nkhope yoluka theka la mutu, chipeso chili chobayika m'tsitsi
nkhope yotafuna chimanga chokazinga
nkhope ziwiri zothithikana tsaya ndi tsaya
chipumi chokha, ndi denga la hositelo
nkhope yoseka
nkhope yoyang'ana kumbuyo ngati yamva mapazi
nkhope yotseka pakamwa ndi dzanja
nkhope ya Sigele, kamodzikamodzi
nkhope yaing'ono, yakuda bii, yonyowa m'masaya
yomweyo
yomweyo
yomweyo

Taimani pamenepo, anatero a Kamphinda, ngakhale woyendetsa anali iwo omwe. Anayandikira khoma mpaka mthunzi wawo unaphimba theka la nkhopeyo.

Uyu ndi Mervis, anatero mofatsa. Mervis wa Fomu 3.

Sanalembe paliponse. Nditatembenuka, pachitseko panalibe munthu.

Sindinatchule dzina la munthu.

13.

Ine ndine Felesiya, ndipo ndinene pano kuti tili ndi malume! Aneba amvere! Ankati achimwene anabwera ndi masutikesi a mabuku okhaokha, opanda galimoto, opanda mkazi, lero aone ntchito ya mabukuwo. Analowa mu ofesi, anawafunsa funso limodzi, ahedi magalasi gwe pansi. Mwana wanga alemba mayeso. Ndapha tambala uja wovuta. Achimwene, nthutumba ndi yanu, musakane. Idyani. Mwaonda ndi zakudya za m'zitini. Bwanji mukungoyang'ana foni? Idyani, kwatha.

14.

Foni yanga inalira tili pakudya. Uthenga wochokera kusukulu. Nambala yanga sindinawapatse.

Zikomo pothandiza kuteteza ana athu.

Ndinaitembenuza, galasi pansi. Kumbuyo kwake kulinso kadontho. Ndinaivundikira ndi mbale.

Masiku otsatira ndinkafotokoza nkhaniyo kwa aliyense: kwa wometa, kwa wogulitsa nyuzipepala, kwa mkulu wina amene tinali naye kalasi limodzi, amene tsopano samva khutu limodzi. Ndinkafika pa diripi, anthu n'kuseka. Za chala ndinkadumpha.

Mkulu wosamvayo ndiye anafunsa. Nanga anzakewo?

Sindinatchule dzina la munthu, ndinatero.

Ati?

Ndati sindinatchule dzina!

Anagwedeza mutu. Eya. Masiku ano safuna mayina.

15.

Mayeso atayamba ndinapita kukamuona Sigele, nditanyamula sopo, mtedza ndi zolembera. Panjira ya ku hositelo atsikana ankaseka, atandiona kuseka kunazima ngati nyali ya palafini. Anapatuka mbali zonse ziwiri, wina n'kukoka mnzake dzanja. Palibe anandipatsa moni. Pa nthawi yathu mwana wosapereka moni kwa mkulu ankakumba dzenje.

Ahedi ndinakumana nawo pakhonde.

Nkhani yabwino, bambo Gwedeza. Sitinachotse mwana ngakhale mmodzi. A Kamphinda anawapepesera onse. Ati ana amenewa safunika chilango, afunika uphungu. Adzipereka okha, akumawaitana mmodzimmodzi ku chipinda cha makompyuta maphunziro akatha. Anthu otere ndi osowa.

Mtima unatsika. Ndinamva ngati ndatula thumba la chimanga limene ndinalisenza osadziwa. Mwina dziko lasinthadi. Mwina ine ndi amene ndatsalira, wokalamba woyenda ndi mizukwa yake m'sutikesi.

Sigele ndinamupeza yekha kuseri kwa holo, buku la sayansi lili pamiyendo, lenileni, la pepala, lobwereka kwa aphunzitsi. Tabuleti anali atakana kuilandiranso.

Wamva? ndinatero. Palibe wachotsedwa. Onse ali bwino. Iwe ukulemba, anzako akuphunzira. Nanga ukundikwiyira chiyani?

Analandira sopo.

16.

Malume, khalani pansi, ndilankhule ine. Musanditchulire wolemba aliyense.

Mwawerenga mabuku a dziko lonse. Munandiuza za simenti, za akazitape, za mano a mabuku. Koma kuyambira tsiku lija mpaka lero simunandifunse kuti bukulo likunena chiyani.

Si la ndale. Silinyoza tchalitchi. Mwina inu mukanati ndi lolembedwa mofooka. Ndi nkhani ya mphunzitsi amene amaitana atsikana ku chipinda chake maphunziro akatha, n'kukhoma chitseko. Onse amamukonda. Amapereka moni wa manja awiri.

Chakumapeto kuli tsamba limene mtsikana wina amauza anzake chochita. Akuti usapite wekha kukanena, wekha adzati ndiwe wabodza. Pezanani. Dziwanani. Mupite ambiri, tsiku limodzi, kwa anthu a kunja kwa mpanda. Tsamba limenelo ndi limene ankaimapo aja munawaona pakhoma. Tabuleti yanga sinkayenda chifukwa chokonda nthano, malume. Ndi mmene tinkadziwirana. Munthu sankafunika kunena kanthu. Ankangobwereka, n'kubweza maso ali ofiira, ife n'kudziwa kuti nayenso zinamuchitikira pasukulu pano. Tinagwirizana kuti mayeso akatha tipita tonse kuboma.

Amene anapempha kuti bukulo lichotsedwe anali a Kamphinda omwewo. Ankadziwa kuti likuwerengedwabe, koma sankadziwa ndi ndani. Anali ndi dzina langa lokha, ndipo ine sanandiitanepo ku chipinda chawo, analibe chondiopseza nacho. Ndikanabwereza chaka. Ndinakuuzani kuti chaka sichiluma.

Tsopano akudziwa amene anaima pa tsambalo. Akudziwa amene analira. Akuwaitana mmodzimmodzi, ndipo aliyense akatuluka amati iye sakumbuka kanthu, zinali zocheza. Atatu asiya kale kundilankhula. Atsala ochepa amene sanagonje.

Ayi, musapepese. Kupepesa kunali kwa tsiku lija.

Mervis amuitana lero, belu la masana likalira. Ahedi ndawauza kawiri, akuti ndili ndi nsanje ndi mkwiyo wa mlandu uja. Ine ndine mwana, ndikagogoda adzandibweza. Koma ndikupita ndithu, ndikakhala pabenchi ya pakhonde la chipindacho, pamene angandione pawindo, mpaka Mervis atuluke.

Ilo, likulira.

Benchi yake ndi yaitali, malume.